Alendo Osatsanzika

Chifunga chinakwera kuchokera kudoko la Valparaíso
mpaka pazenera la chipinda cha makina, kuseri kwa chipatala,
usiku umene seva inakana munthu wa nambala 1,025.

Sinadwale ayi.
Magetsi ali bwinobwino, mafani akupuma mwa masiku onse.
Inangoti: kwadzaza.
Kunja kwa khomo losaoneka
anthu akudina mafoni, kufuna tsiku loonana ndi dokotala,
kagudumu pasikirini kakungozungulira,
kakungozungulira.

Ine ndi nzeru zanga za phuma ndinakweza malire,
ndinalemba 4,096, ndinayatsanso,
n'kupita kukatereka khofi.
Khofiyo asanazizire, kwadzazanso.
Ndinali kuwonjezera mipando
m'nyumba imene anthu ake satulukamo.

Eloísa anaimba kuchokera kuwodi ya ana:
"Kodi mwagona kumeneko?"
Ndinati ndipatseni ola.
Anadula ndisanamalize.

Pamenepo ndinatsegula kaundula,
kuwerenga alendo mmodzimmodzi ndi chala pagalasi.
Uyu analowa Lachiwiri.
Uyu Lamulungu lapitalo, mbandakucha.
Eniake anapita kalekale, anathimitsa mafoni,
ena mwina anachira n'kuiwala,
koma seva ikuwasungirabe malo,
khutu lili tcheru kudikira mawu otsanzika
amene sanabwere.
Amati mlendo ndi mame.
Awa sankauma.

Pulogalamuyi analemba ndi Anselmo,
amene anapuma ntchito, akuweta njuchi ku Chiloé.
Pamzere wa 212 anatsegula khomo mwaulemu wake uja,
koma poyenera kutseka
anangosiya kamawu kamodzi: mawa.

Ndinalemba lamulo lalifupi:
wokhala duu kwa mphindi yathunthu, aperekezedwe.
Nambala inayamba kutsika,
3,900,
2,100,
340,
ngati madzi m'bafa ukazula chotsekera.
Eloísa sanaimbenso. Pantchito yathu ndiko kuthokoza.

M'basi yoyamba, tikukwera chitunda cha Playa Ancha,
ndinatulutsa foni kuti ndione nthawi.
Nambala ya bambo anga ikadali pamwamba pa mayina onse,
zaka zitatu chiwaikire m'manda oyang'ana kunyanja.
Chala changa chinaima pamenepo,
chodziwa bwino ntchito yake,
chomwe chija chaperekeza anthu zikwi usiku umodzi.

Dalaivala anatsegula chitseko, mphepo inalowa.
Ndinabweza foni m'thumba.
Mpando umenewo ukhale.