Magazi Akwere Kaye

Pakhoma la labotale yathu ku Humacao
pali mzere wofiirira wondifika m'chiuno.
Anapaka penti kawiri konse, koma umatulukabe.
Madzi saiwala khwawa,
ifenso tinaleka kuiwala.

Wailesi yati kwatsala maola makumi atatu.
Kunja kuli ngwee ngati bodza,
mbalame zokha ndizo zasamuka.

Magazi akwere kaye, watero Nereida,
ndiye tikukankhira firiji m'chikepe,
anthu anayi, wina msana ukulira.
Matumba makumi anayi ndi awiri,
asanu ndi limodzi okha ndi a gulu lija
losakanidwa ndi thupi la munthu aliyense.
Ndawawerenga katatu. Sanaswane.

Chaka chija jenereta inali pansi,
inamira isanatsokomole n'komwe.
Lero ili pansanjika yachitatu.
Don Eusebio waidzutsa, waitchera khutu
ngati dokotala pachifuwa cha khanda.
Dizilo ndi wa masiku anayi, akutero,
asanu tikazimitsa zoziziritsa mpweya
n'kuvomera thukuta.

Makina athu amamwa madzi kuposa ng'ombe,
osati madzi wamba, osefedwa bwino.
Ndadzaza zigubu khumi ndi ziwiri, ndalemba tsiku.
Timbale tomeretsera majeremusi timene tathana nato
taphika ndi nthunzi mpaka kufa psiti,
kuopa kuti chigumula chingawatengere kumsewu
kumene ana adzaponde opanda nsapato.

Kompyuta ikafa, adzadziwa ndani mwini wa kabotolo aka?
Yadiel anabadwa foni ili m'manja.
Ndamupatsa kope, bolopeni, mapepala a kaboni:
dzina, tsiku lobadwa, nambala ya bedi,
ulembe zikuluzikulu.
Akuseka.

Mwana wanga ali kumapiri, ku Aibonito, kwa mchemwali wanga.
M'chikwama mwanga muli zovala za masiku atatu,
mswachi, ndi sokosi yake imodzi yolowamo mwangozi.
Ndamuuza kuti ndibwera Lachisanu.
Sindinanene Lachisanu liti.

Namondwe wafika pakati pa usiku.
Mazenera okhomedwa matabwa akupuma ngati nthiti.
Magetsi thii, mdima bii.
Ndikuwerenga chamumtima,
imodzi, ziwiri, zitatu,
pa zisanu ndi zitatu jenereta yatsokomola,
firiji yayambanso kung'ung'udza.
Sindinamvepo dandaulo lokoma chonchi.

Kenako namwino, wefuwefu, wolumpha masitepe:
mayi wachira mwana wamkazi
koma magazi sakuleka.
Mafoni afa, makina akuluwo tawagoneka.
Ndadontheza magazi ake pakagalasi,
Yadiel akuunika ndi tochi,
dzanja lake likunjenjemera, langa ndalilamula.
Kusakaniza, kupendeketsa, kudikira.
Mphepo ikuguguda denga kuti tiitsegulire,
koma dontho salifulumizitsa.
Lagwirana timibulu. Gulu A.
Ndawakumanitsa ndi a m'thumba, sanakangane.
Matumba awiri, thamanga nawo.
Asanu ndi limodzi aja adikire wina
amene adzafike tilibe nthawi yomufunsa dzina.

Yadiel walemba zilembo zikuluzikulu
ngati mwana woyamba kumene sukulu,
wabwereza kuwerenga mokweza,
wandipatsa kuti nanenso ndione.

Kwacha.
Pansi paja mipando ikuyandama,
madzi apitirira mzere wakale ndi chikhatho chimodzi.
Namwino wadzanena kuti mayi uja wapempha tiyi.
Nereida akuti tapulumuka.
Ndati linda madzi apite.
Misewu yatsekeka ndi mitengo ndi nthambo,
galimoto ya magazi sibwera sabata ino,
dizilo watsala wa masiku atatu ndi theka,
ndipo odulidwa ndi malata sanayambe kufika.

Ndatsegula tsamba latsopano m'kope,
pamwamba ndalemba: zimene tinaiwala.
Mabatire a tochi yachiwiri.
Ayezi wambiri.
Khofi.
Bolopeni yaima pamenepo.
Za ku Aibonito sindinamvebe.