Galafu ya a Thole

A Thole ajambula mizere iwiri pa bolodi,
wina woimirira, wina wogona.
Choko chikulira. Kunja mbuzi zabisala kale pansi pa nimu,
makolala athu anyowa thukuta
koma belu loyamba langolira kumene.

"Iyi ndi galafu. Pa mayeso ibwera.
Mzere ukakwera muziti raizi.
Ukatsika, folo.
Ukagwa chagada ngati wakhuta kachasu, pulameti."
Tonse tibwereza, malilime akupunthwa m'kamwa.

Ndikulemba m'kope,
koma pulameti ndinakumana naye kale
pa sikelo ya thonje ku Ngabu,
bambo atatsitsa mabelo atatu pa ngolo,
wogula n'kutchula mtengo osawayang'ana kumaso.
Tinabwerako ndi mchere ndi sopo mmodzi,
ng'ombe zikukoka ngolo yopepuka
ife tili chete mpaka kunyumba.

Fulakichuweti, akutero, ndi kukwera n'kutsika kopanda ulemu.
Ameneyo ndi chigoba cha chimanga pa msika wa Bangula,
Lolemba mtengo wina, Lachinayi wina.
Ndi thupi la mlongo wanga Alufandika usiku wa malungo,
kutentha, kuzizira, kutenthanso,
amayi akusinthasintha nsalu yonyowa.

Piki ndi pamwamba penipeni,
pomwe mzere watopa kukwera.
Apa ndasiya kuyang'ana bolodi.
Kumbuyo kwa a Thole, pakhoma,
pali mzere wamatope wofika m'khosi mwa munthu woimirira
umene Shire analemba usiku umodzi wopanda choko.
Apaka laimu kawiri. Ukuonekabe.

Atipatsa pepala loyeserera.
Mabanja a m'mudzi wongopeka, zaka zisanu,
tizipilala tobiriwira toima pamzere.
Kachitatu n'kakafupi pang'ono chabe,
ndipo mawu ake, akutero a Thole, ndi silaitili.
Ndayeza ndi chala kusiyanako,
n'kochepa kuposa chikhadabo changa.
M'menemo mungakwane nyumba ya azakhali a Nyakhuwa,
mtondo wawo, wailesi, nkhuku zisanu ndi imodzi,
ndi iwo omwe, amene tinawapeza tsiku lachinayi
m'mabango, kumunsi kwa Chiromo.

Ndalemba ziganizo zitatu m'Chingerezi choongoka.
Cholembera chofiira chachonga zonse.
"Wakhoza, Nsayi."

Patsala liwu limodzi pansi pa bolodi,
lolembedwa mopendekera chifukwa malo anatha: sitebo.
Mzere wogona phee, osakwera, osatsika,
mwezi ndi mwezi chimodzimodzi.
Semba wakweza dzanja kumbuyo,
akuti sala, mutipatseko chitsanzo cha kuno kwathu.

A Thole apukuta choko pa thalauzi,
ayang'ana pazenera lopanda galasi,
kudambo komwe anthu akubzalanso mbatata
pamchenga umene madzi anasiya.
Ayang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Mundikumbutse mawa," akutero,
n'kuyamba kufufuta bolodi.