Mlendo wa pa Msongolo

Dokotala Mudenda anandifunsa kanayi konse:
Munapitako kuti, a Kamanga?
Kunkhalango za ku Kongo? Kumene malaya sauma pachingwe?
Ndinati, mayi, ine malire anga ndi mlatho wa Kafue,
nakonso ndinangopitira maliro.

Zaka khumi ndi zitatu ndasenza matabwa pa Buseko.
Malole amafika m'bandakucha, matope ofiira m'matayala,
mitengo ikadali yonyowa ndi mvula ya eni ake.
Tsiku lina kachisonga kanandilasa pamsongolo.
Ndinakazula ndi pini, ndinapakapo malovu,
n'kusenza thabwa lina.

Kanamera ngati njerewere.
Sikankapweteka, ndiye ndinakaleka.
Chilala chinadza n'kupita, Tisauke anabereka kawiri,
iko kakungokwawa, kakumanga timidzi take
totuwa, tokakala ngati khungwa la mukwa.
Kukiliniki ya ku Matero anati zipere.
Mneneri wa ku Kanyama anati mnzanga wapantchito,
ndipo miyezi isanu Zakeyo sindinamupatse moni.
Buluku lalitali ngakhale mu Okutobala.
M'minibasi mwendo uwu ndinkaubisa pansi pa mpando
ngati nkhuku yakuba.

Kuchipatala chachikulu anapalapo pang'ono,
n'kundiitana kuti ndisuzumire m'galasi lawo.
Ndinaona timakobiri tofiirira, taunjikana phee,
ngati tingwee takale tija tosagula kanthu.
Ndi mtundu wa chuku, anatero,
chokonda dziko lachinyontho, kuno sitichionaona.
Ophunzira asanu ndi atatu anazinga bedi,
wina anajambula mwendo, nkhope ayi.
Sindinayambe ndafunidwapo chonchi.

Tsono ndiwe mlendo, iwe.
Unadutsa zipata zonse wopanda chiphaso,
utagona m'mtima mwa thabwa,
n'kupeza malo mu Lusaka wafumbi
kumene ine lendi imandithamangitsa chaka ndi chaka.
Waona maiko amene ine sindidzawaona.

Mapiritsi akuti ndimwe chaka, mwina ziwiri,
ndipo mtengo wake anaulemba kuseri kwa pepala.
Tisauke amatenthetsa madzi m'botolo usiku
n'kulikhazika pamenepo, akuti kutentha umakuopa.
Timakhala chete, mbaula ikuzima,
iye akuwerenga ndalama ndi milomo yokha.

Mawa lole ya ku Mwinilunga ifika folo koloko.
Ndagula majombo pa Soweto, aakulu pang'ono.
Zakeyo ndamuuza kale kuti agwire kutsogolo,
ine kumbuyo, monga kale.