Mbereko ya pa Tsoka

Ndawoloka mlatho wamatabwa
kukafuna mbereko pa kaunjika.
Mnyamata wandionetsa ya malamba,
ikununkhirabe sopo wa eni ake akunja.
"Iyi, bigi, mwana amagona pachifuwa."

Ndaiyesa. Ndakodwa ngati mbuzi pachingwe.
Amayi a tomato aseka
mpaka kugwira nthiti.

Nachisale ali ku Bwaila.
Bala la opaleshoni silifuna mfundo ya chitenje.
Mwanayo alibe dzina,
mchombo sunagwe,
khosi lake ndi mphukira ya nkhwani.

Ndalipira osanenerera.
Pobwerera ndagulanso chitenje cha mbalame zachikasu,
poti apongozi akufika mawa kuchokera ku Mitundu
ndipo adzafunsa.

Usiku uno, chitseko chotseka,
ndiphunzira kubereka
mapaketi atatu a shuga.