Mzere Woyera

Inu mumaudziwa msewuwu pa zenera la minibasi,
mitengo ikuthawira m'mbuyo.
Ine ndinauphunzira ndi mapazi
chaka chimene makina olembera mizere anafa,
chitini cha penti kumanja, chingwe paphewa,
kuyambira pa mlatho wa Namadzi mpaka ku Malosa,
phula likundiotcha kudzera m'jombo zobooka.

Pa Thondwe tinaona zakuda.
Tsiku la msika msewu sukhala wa galimoto,
umakhala wa tomato, wa kaunjika,
wa mbuzi zomangidwa pa keliyala zikulira chagada.
Abiti Saizi anakupiza mbendera yofiira mpaka mkono kuuma,
madalaivala akumuimbira hutala ngati akuingitsa nkhuku.
Mayi wina anatiponyera nzimbe ziwiri
nati, "Penti akatsala mudzandipakireko chitseko."

Phiri lija limayamba ngati mtambo wa mvula.
Umawerama, kupaka, kuwerama,
podzuka ulipeza lakuimirira kumanzere
ngati kapitawo wosalankhula.

Tinadutsa pa chipatala, amayi atakhala pansi pa mitengo
ndi mabeseni ovundikira nsalu.
Pafupi ndi ndende akaidi ankatchetcha udzu.
Mmodzi anayang'ana malaya ake oyera,
nayang'ana anga othimbirira penti, naseka:
"Achimwene, inu munalakwa chiyani?"

Likangala anali wofiira tsiku limenelo.
Mulunguzi anali wozizira, tinatsukamo maburashi mobisa
ndipo ndikupepesa kwa amene anamwa kumunsi.

Kenako Matawale. Kenako Chinamwali.
Apa ndiye ndinayamba kuyenda ngati ndaponda minga.
Pali malo ena pamene msewu umapinda pang'ono,
pang'ono zedi, inu simungazindikire.
Mng'ono wanga Lifa ankapalasa kabaza pamenepo
m'mawa wina wa chifunga,
lole ya miyala ikupitirira inzake.
Tinatola nsapato imodzi m'ngalande
ndi belu la njinga lomwe likulirabe mpaka lero
mwana wake akaliseweretsa.

Pepala la kapitawo linati mzere wodukaduka.
Ine ndinalemba wosaduka.
Ndinapaka kamodzi, ndinabwereza, ndinapakanso kachitatu
mpaka unatupa ngati chipsera.
Che Mdoka anabwera akutukwana,
nati penti wa boma si phala la mwana,
nandidula malipiro a masiku awiri.
Sindinayankhe. Abiti Saizi anayang'ana kuphiri.

Pa Songani tinadya chinangwa chophika ndi mchere.
Pa Domasi ana a sukulu anatitsatira
akuyenda pa mzere wa dzulo, manja atatambasula
ngati akuoloka pa mtengo.
Ku Malosa penti anatha msewu usanathe.
Unapitirira wokha kulowera ku Liwonde
osatitsanzika n'komwe.

Papita mvula zinayi tsopano.
Mizere yathu yambiri inadyedwa ndi matayala,
ya pa Thondwe inapita ndi matope a msika.
Koma mukamadutsa pa Chinamwali
muuzeni kondakitala asunthe mutu, muone pansi.
Ulipo wina wokhuthala kuposa inzake,
wokhota pang'ono pomwe dzanja linanjenjemera,
ndipo chakumapeto kwake kuli timapazi ta mbuzi
yomwe inaoloka penti asanaume.
Ndinaiona ikubwera. Sindinaithamangitse.
Inafika tsidya linalo bwinobwino.