Utsi Usaoneke

Bambo Hollenbeck ankaima kumbuyo kwanga,
ndudu ili pakamwa, n'kumati:
"Utsi usaoneke, Lorene. Utsi ndi wa dzulo."
Ine n'kuufufuta.

Munali mu 1937, ku Chicago,
m'chipinda chapamwamba chonunkha utoto ndi khofi wozizira.
Kunsi kwa zenera sitima zakale zinkatsokomola malasha,
zakuda bii, zolemera ngati ngongole,
koma papepala langa pankabadwa ina:
mphuno yoterera ngati ya nsomba,
nthiti zasiliva waliwali,
yakumwa dizilo, yosadziwa mwaye.
Anaitcha Mphezi ya Kumadzulo.
Ndinaijambula isanayende n'komwe.

Ataiyendetsa kukaionetsa m'matauni
sukulu zinatsekedwa.
Alimi a ku Nebraska, omwe fumbi linawadyera minda,
anaima pamzere kuyambira mbandakucha,
zipewa m'manja ngati akulowa m'tchalitchi,
kuti angodutsamo,
kulowera khomo ili, kutulukira ilo,
kukhudzako mpando ndi chala chimodzi.
Bambo anga anali pamzerepo.
Anandilembera kuti: "Ndadzionera nkhope pakhoma pake.
Ndakalamba."

Tinaiika paliponse,
pa makalendala, pa mabokosi a machesi,
pa zikwangwani zazitali kuposa nkhokwe za tirigu.
Gonani ku Chicago, mudzuke ku Denver!
Pazenera ndinkakhazikapo mayi wa chipewa chobiriwira
akumwetulira mapiri.
Nkhopeyo inali ya mng'ono wanga Ardith
amene sanapitirirepo Omaha.

Woperekera zakudya ndinkangomujambula dzanja,
dzanja lakuda, mkono wa jekete yoyera mbee,
thireyi yosagwedera.
"Pakwanira pomwepo," ankatero bwana.

Ndinadzaikwera patapita zaka khumi ndi chimodzi.
Usiku, magetsi atathima m'mabogi,
ndinapeza munthu atakhala pa kampando kopinda
akupukuta nsapato za anthu ogona.
Anati dzina lake ndi Cleophus Tarver,
ngakhale apaulendo sankavutika n'kulifunsa.
Ndinamuonetsa kabuku kathu kotsatsa malonda.
Anakayang'ana nthawi yaitali.
"Ndiye dzanja langa ndi ili?
Mwalisalalitsa bwino, mayi."
Anatambasula lake lenileni pansi pa nyali,
long'aluka ndi sopo, chala chimodzi chokhota,
kenaka belu linalira ku chipinda chachisanu
ndipo ananyamuka.

Kunja chigwa chinkathawa mumdima,
nyali ya pafamu apa, ina kutali uko,
ndipo sitimayo inkathamangadi, zimenezo sitinaname.
Khofi sanatayike m'kapu.
M'mawa mapiri anatulukira phwii
ofiirira kuposa utoto wanga wonse.

Kenaka anayala misewu yotakata.
Aliyense anagula galimoto yokhala ndi zipsepse kumbuyo,
mphuno ija ataibera.
Tinawonjezera denga lagalasi pamwamba pa bogi,
tinatsitsa mtengo wa tikiti ya ana,
ndinakulitsa kumwetulira kwa Ardith mpaka masaya kuwawa.
Mipando inangoti zii.

Tsiku lina Bambo Hollenbeck, imvi zili mbuu,
anaika chithunzi cha ndege patebulo langa.
"Siliva yemweyo," anatero. "Ungochotsako njanji."

Dzulo mdzukulu wanga wanditengera ku sitolo ya zinthu zakale.
Chikwangwani changa chili m'galasi,
mtengo wake woposa malipiro anga a chaka chija.
Wogulitsayo akuti, "Nthawi imeneyo zinthu zinali bwino, eti?"
Ndayandikira, magalasi pamphuno.
Mphezi ikadathamangabe, yosachita dzimbiri,
Ardith akadali wamoyo pazenera,
ndipo pakona, m'munsi kumanzere,
pomwe ndinafufuta m'mawa wina wa dzinja,
pepala ndi lopyapyala pang'ono.
Ukapendeketsa mutu
utsi ukuoneka.