Sikelo Yopanda Chidindo

Ntchito yanga ndi kukayikira masikelo.
Lolemba lililonse ndimatsika chapa pa Moatize
ndi kabokosi ka miyala yachitsulo,
theka, kilo imodzi, makilo asanu,
ndipo ogulitsa nyemba akandionera patali
amayamba kupukuta mbale zawo ndi nsanza.

Dona Quitéria anamata kandalama kunsi kwa mbale.
Ndinakamatula ndi chikhadabo.
Analipira chindapusa akutukwana,
m'mawa mwake anandipatsa moni.
Wakuba woti nkhope yake ndikuidziwa sandiopsa.

Wondisowetsa tulo ndi uyu
anandifotokozera mphwanga Belarmino,
wophunzira zowerengera ndalama ku Beira,
titakhala pa benchi, malaya atamatirira kumsana.
Akuti kumsika wa masheya kulibenso wokuwa mtengo.
Kuli makina m'zipinda zozizira ngati mochale,
ogula, ogulitsa, obweza mawu
kachikwi iwe usanaphethire.
Ena amaitanitsa katundu amene sakumufuna
kuti anzawo athamangire,
kenako n'kufufuta.

Ndinati: chimenecho ndi chala pa sikelo.
Iye anaseka. Malume, chala chake
chimachoka diso lisanafike.

Tsiku lina masana, akutero,
makina anaopsezana okhaokha
ngati mbuzi zomva fungo la fisi kulibe fisi.
Mtengo unagwa m'nthawi yomwera kapu ya madzi,
unadzukanso ngati sunagwe,
koma amene anagulitsiridwa pansipo
anatsala pansi pomwepo.
Pakati pawo pakhoza kukhala thumba la penshoni
la munthu wonga mlamu wanga Anastácio,
amene wapuma fumbi la malasha zaka khumi ndi zinayi
ndipo sanaonepo sheya ndi maso.

Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.
Nanga uyu wamanga nyumba pakhomo pa msika,
nthambo yake yaifupi kuposa ya aliyense,
tiyambira naye pati?

Sindikuti aphwanyidwe.
Ngakhale sitima ya malasha ili ndi mabuleki,
ndimawamva akulira usiku isanaoloke msewu.
Msika ukayamba kunjenjemera, uimitsidwe,
anthu amwe madzi, ayang'anane.
Woitanitsa n'kufufuta azilipira kakobiri
ulendo uliwonse, tione ngati sadzatopa.
Makina alionse akhale ndi dzina la mwini wake,
munthu wa khosi loti n'kuvala mlandu.

Belarmino akuti mukawamanga kuno
asamukira dziko lina usiku womwewo,
ndipo wolemba lamulo amayenda pansi
pomwe wolithawa wakwera mphezi.
Mwina.
Ogulitsa mbatata nawo amasamukira kuseri kwa siteshoni
akamva kuti ndafika.
Ndimawatsatira. Ena ndimawapeza, ena ayi.
Lolemba linalo ndimabweranso.

Madzulo ano nthambo za magetsi a ku Songo
zikung'ung'udza pamwamba pa milambe,
kupita kutali kumene sindinafikeko.
Pa mlatho wa Zambezi malole aima pamzere,
aliyense kudikira nthawi yake,
madalaivala akugula madzi ozizira pawindo.

Ndatsegula kabokosi kanga.
Mwala wa kilo imodzi wayamba kuperepeseka m'mbali.
Nawonso uyenera kupita kukayesedwa,
ndalemba kale kalata kawiri.
Ndaupukuta fumbi lakuda ndi mpango,
ndaubwezera m'malo mwake.
Ukulemerabe m'dzanja.